Nthambo Ziwiri pa Mlatho Umodzi

Wissem ndinamulowetsa ntchito ndine. Ndayambira pamenepa dala, kuti mukamamva zinazo musadabwe kuti munthu wa imvi ngati ine ndinapusitsidwa bwanji.

Bambo ake, malemu Si Habib, tinakulira limodzi ku Sfax, makomo athu oyang'anizana. Atamwalira, mayi ake a Wissem anandiimbira foni akulira, kuti mwana anamaliza maphunziro a uinjiniya koma chaka chachiwiri tsopano akungotha mipando ya m'nyumba zomwera khofi. Ndinatenga mapepala ake n'kukawaika ndekha patebulo la abwana. Miyezi inayi yoyambirira ankagona kwathu ku Ariana, ndipo mkazi wanga Najet ankamusungira chakudya ngati mwana wobala yekha. Muofesi aliyense ankanditchula mwaulemu kuti Si Ridha. Iye yekha ankati Am Ridha, mmene munthu amaitanira mchimwene wa bambo ake, ndipo ine zinkandikomera m'khutu.

Kampani yathu inali ndi nthambo za fayiba zonyamula intaneti kuyambira ku Tunis mpaka ku Medenine, ndi marauta, makina olondolera mauthenga, oposa makumi anayi m'mizinda ya m'njiramo. Ntchito yanga, zaka makumi awiri ndi ziwiri, inali yokonza matanelo. Tanelo ndi njira yapadera imene umamulambulira kasitomala kuchokera pa rauta ina kukafika pa ina. Umawauza makinawo kuti mauthenga a banki iyi adzere ku Sousse, atsikire ku Sfax, asapatukire kwina, ndipo awasungire malo okwana mwakuti ngakhale njira itadzaza. Ukatero umakonzanso tanelo yachiwiri, yongodikira, yoti nthambo ikaduka mauthengawo athawireko. Zonsezi ndinkachita pamanja, kulowa mu rauta imodziimodzi, kulemba mzere ndi mzere. Kungophonya kadontho kamodzi ndiye kuti Monastir yense wangoti zii.

Chimene chinkandisiyanitsa ndi anzanga chinali makope. Ndinali nawo asanu ndi limodzi, a zikuto zakuda, ena atafufuma ndi thukuta la m'thumba. Pa mapu a kampani nthambo ziwiri zimaoneka zotalikirana, ina kunyanja, ina kumtunda. Pansi pa nthaka nkhani imakhala ina. Okumba ngalande ndi anthu, amatopa. Akapeza paipi yakale yodutsa kunsi kwa msewu amangolowetsamo nthambo zonse ziwiri n'kukwirira, osauza munthu. Ine ndinayenda nawo anthu amenewo, ndinamwa nawo tiyi m'mphepete mwa misewu, ndipo malo aliwonse otere ndinawalemba.

Wissem atatha zaka zisanu ndi zinayi pakampanipo, mkulu wathu wa zaumisiri, Madame Dalenda, analengeza kuti tikugula kontolola. Imeneyi ndi pulogalamu imodzi, yokhala pa seva kulikulu, imene imaona netiweki yonse nthawi imodzi. Imawerengera yokha njira ya tanelo iliyonse n'kutumiza malamulo ku marauta onse. Wissem anamutumiza ku Paris masabata atatu kukaiphunzira. Atabwerako ananditengera kukadya lablabi, msuzi wa tchana wonyemeramo buledi, kwa Hamadi, kuseri kwa ofesi yathu ku Charguia.

"Am Ridha, makope anu aja tsiku lina adzagwera m'madzi," anatero akunyemera buledi m'mbale. "Ndiye dziko lonse tidzabwerera ku nkhunda zonyamula makalata."

"Nkhunda sizifuna laisensi chaka ndi chaka. Tadya iwe, msuzi ukuzizira."

"Ayi, ndikunena zoona. Chinthuchi ndi chanzeru, koma ndi chakhungu. Chimangodziwa mapu. Zimene zili m'mutu mwanumo chilibe." Anathira tsabola wa harisa wambiri mpaka maso ake analengeza misozi. "Tiyeni tizilowetsemo zonse. Madame anena kuti gulu latsopano loyendetsa kontolola mutsogolera ndinu. Ine ndingokhala manja anu."

"Anena choncho Madame?"

"Pamaso pangapa. Pali malemu bambo anga."

Ndinaika supuni pansi. Mwana wa Habib akalumbira pa Habib, ine ndikanafunanso umboni wanji?

Ntchitoyo inatitengera miyezi isanu. M'mawa uliwonse ndinkatsegula kope, Wissem n'kutsegula laputopu. Nthambo zonse zimene zikhoza kudukira limodzi tinkaziika m'gulu limodzi n'kulipatsa nambala, kuti kontolola idziwe kuti tanelo ndi yodikira yake zisadzere m'gulu lomwelo. Ndisaname, chinthucho ndinachikonda. Tsiku loyesera, tinazula dala nthambo ya ku Sousse, ndipo matanelo makumi asanu ndi limodzi anasamukira njira zina ndisanatsitse kapu ya tiyi pakamwa. Ntchito imene inkandidyera sabata yathunthu. Ndinaomba m'manja ngati mwana pa mpira, achinyamata a muofesi n'kumandiseka.

Gulu la nambala 14 linali la mlatho wa ku Metouia. Kummwera konse, Gabès, Medenine ndi Djerba, tinkafikako ndi nthambo zitatu. Ziwiri zinali zazikulu, ya kunyanja yochokera ku Sfax ndi ya kumtunda yochokera ku Gafsa. Pa mapu zinkalowa mu Gabès mbali zosiyana, koma zoona zake zinkakumana pafupi ndi Metouia n'kuwoloka kamlatho kamodzi mu paipi imodzi. Paipiyo ndinaigwirapo ndi dzanja langali. Yachitatu inali yakale, yopapatiza, yodzera ku El Hamma, ndipo ndi yokhayo imene sinkayandikira mlathowo. Gulu limeneli ndinalilemba ndekha pa laputopu, Wissem ataima kumbuyo kwanga akuswa njere za mpendadzuwa ndi mano.

"Ameneyu ndiye mwana wanu wapamtima," anatero.

"Ukadzamukhudza ameneyu ndidzakudula zala."

Tinaseka tonse.

Mu Novembala kunabwera kasitomala wamkulu, kampani ya mahotela ku Djerba, yofuna tanelo yaikulu kupita ku Tunis, yokhala ndi yodikira yake. A dipatimenti yogulitsa anali atayamba kale kuvina. Tinalowetsa pempholo mu kontolola pamaso pa Madame Dalenda, ndipo inayankha ndi zilembo zofiira kuti palibe njira. Tanelo yoyamba inkakwana bwinobwino. Yodikirayo inkayenera kudzera ku El Hamma, ndipo kumeneko kunali kodzaza kale.

"Ndiye titani?" anafunsa Madame.

"Tikuze kaye ya ku El Hamma," ndinayankha. "Miyezi isanu ndi umodzi, ngati a khonsolo atapereka chilolezo msanga."

"Kasitomala sangadikire miyezi isanu ndi umodzi, Si Ridha."

"Mlatho nawo sungasunthe, Madame."

Sanaseke. Anangoyang'ana Wissem, kenako n'kutuluka.

Kumayambiriro kwa Disembala ndinatenga tchuthi cha masabata awiri, monga ndimachitira chaka chilichonse, kukathyola azitona kumunda wa makolo ku Agareb. Nditabwerako ndinapeza mabokosi a makeke patebulo lililonse. Mgwirizano wa ku Djerba unali utasainidwa.

"Malo mwawapeza kuti?" ndinamufunsa Wissem.

"Ndinasuntha timatanelo ting'onoting'ono, ndinapanikiza apa ndi apo. Mwaona nokha, zonse zili bwino." Analoza sikirini yaikulu ya pakhoma, ndipo mizere yonse inali yobiriwira. "Azitona abala bwanji chaka chino? Mafuta anga mwandibweretsera?"

Ndinali nditamubweretsera, chigubu chathunthu, chinali m'galimoto. Kunena zoona ndinaganiza zoti nditsegule ndione njira ya tanelo yodikirayo. Zikananditengera mphindi ziwiri. Koma foni inalira, Nabeul kunali vuto lina, ndipo mawa lake ndinaiwala. Komanso munthu amene ukumukhulupirira sumusecha m'matumba.

Zinachitika Lachiwiri lina mu Malichi, nthawi itangopitirira 10 koloko m'mawa. Anandiimbira ndi Mabrouk, mkulu wa okonza nthambo ku Gabès, mnzanga wakalekale wosuta ngati ng'anjo.

"Si Ridha, kuno zavuta. Katapila ya okuza msewu yazula paipi yonse pa mlatho uja. Ndaima pomwepo, nthambo zikulendewera ngati matumbo a nkhosa."

"Zonse ziwiri?"

"Munayamba liti kufunsa zimene mukuzidziwa kale?"

"Osadandaula, Mabrouk. Lumikizani modekha, anthu athawira ku El Hamma."

Ndinatembenuka kuyang'ana pakhoma. Kummwera konse kunali psuu. Ndinadikira kuti kubiriwire. Ndinawerenga mpaka khumi, mpaka makumi awiri. Kunali kofiirabe. Mafoni a m'chipindamo anayamba kulira onse nthawi imodzi.

Ndinatsegula tanelo ya banki ina ya ku Medenine. Yodikira yake inkadzera ku Gafsa, kenako pa mlatho. Ndinatsegula ina, chimodzimodzi. Yachitatu, chimodzimodzi. Kontolola inali itasamutsira matanelo odikira onse a kummwera pa nthambo yaikulu ya ku Gafsa, chifukwa m'maso mwake imeneyo inali njira yapayokha, yotakasuka. Ndinatsegula mndandanda wa magulu. Panali 13, kenako 15.

"Wissem, 14 ali kuti?"

Nkhope yake inali itatuwa ngati ufa. "Tikambirana pambuyo pake, Am Ridha. Chonde. Tiyambe tadzutsa anthuwa."

Pamenepo ankanena zoona. Ndinauza kontolola kuti isiye kaye matanelo a kummwera, n'kuyamba kulowa m'marauta pamanja monga kale. Ku El Hamma sikukanakwana onse, ndiye ndinachita kusankha. Choyamba chipatala china chaching'ono chimene chimatumiza zithunzi za ekisireyi kwa madokotala a ku Sfax. Kenako makina otulutsira ndalama, kenako masitolo a mankhwala ndi maofesi a padoko. Wissem anakhala pambali panga akundiwerengera manambala a marauta papepala. Tsiku limenelo anagwira ntchito bwino, pamenepo sindingamunamizire. Pofika 1 koloko ofunikawo anali atadzuka. Mahotela aja anakhala mumdima mpaka Mabrouk atamaliza kulumikiza, cha m'ma 5 koloko madzulo. Maola asanu ndi awiri alendo ataunjikana pamakauntala, makadi osagwira.

Nditatembenuka kuti tikambe zimene anati tikamba, mpando wa Wissem unali wopanda munthu. Mawa lake sanabwere, anati mwana wadwala.

Msonkhano unachitika Lachinayi, m'chipinda chapamwamba. Munali abwana aakulu a kampani, Madame Dalenda, awiri a dipatimenti yogulitsa, Wissem ndi ine. Ndinalowamo mtima uli m'malo. Ndinali nditakonza kale zonena: kuti mnyamata analakwitsa chifukwa chopanikizidwa, kuti ndi katswiri, kuti asamuchotse ntchito. Mpaka Najet ndinamuuza m'mawa umenewo kuti ndikukamupulumutsa mwana wa Habib.

Wissem anaimirira atavala jekete yatsopano. Anaonetsa mapu, anaonetsa nthawi imene nthambo zinaduka, anafotokoza bwino kwambiri, mawu osanjenjemera.

"Kontolola sinalakwitse," anatero pomaliza. "Inachita zimene inauzidwa. Sinkadziwa kuti nthambo ziwirizo zimadutsa malo amodzi, chifukwa zimenezo sizinalowetsedwe. Zonse zokhudza kayendedwe ka nthambo tinazitenga m'makope a Bambo Mezghani, ndipo zikuoneka kuti makopewo anali ndi mipata."

Poyamba sindinazindikire kuti Bambo Mezghani ndi ine. Dzina langa la makolo ndinali ndisanalimvepo likutuluka pakamwa pake. Ndinachita kuyang'ana uku ndi uku, kenako ndinaona kuti maso onse ali pa ine.

"Gulu 14 ndinalilemba ndekha," ndinatero. Mawu anga anatuluka aang'ono, ngati a munthu wopempha madzi. "Iwe unaima kumbuyo kwanga. Unkadya njere za mpendadzuwa."

Mmodzi wa ogulitsa aja anaseka pang'ono n'kudzigwira pakamwa.

"Sindikukumbukira, Si Ridha," anayankha Wissem, maso ali pa laputopu. "Magulu anali ambiri."

"Sitinabwere kudzalozana zala," anatero Madame Dalenda. "Si Ridha atumikira kampani ino nthawi yaitali, ndipo Lachiwiri anatithandiza kwambiri. Tingophunzirapo kuti nzeru za kampani zisamakhale m'makope a munthu mmodzi."

Abwana aakulu anagwedeza mutu, anayang'ana wotchi, msonkhano n'kutha. Wonse sunakwane theka la ola.

Ndinatsikira kuofesi kwanga. Kontolola imasunga mbiri ya chilichonse chimene chasinthidwa, ndipo sindinavutike kupeza. Pa 11 Disembala, nthawi ya 2 koloko masana, gulu 14 linafufutidwa. Patapita mphindi zinayi, tanelo ya ku Djerba inavomerezedwa. Wofufutayo analowera pa akaunti ya tonse, imene tinkagwiritsa ntchito pokhazikitsa makinawo. Ndinasindikiza tsambalo n'kukwera nalo kwa Madame.

Analiwerenga, anadzuka, anakatseka chitseko.

"Akaunti imeneyi mumalowera anthu asanu, Si Ridha."

"Tsiku limenelo ine ndinali pamakwerero mumtengo ku Agareb. Najet ali ndi zithunzi m'foni."

"Ndikudziwa kumene munali. Tchuthi chanu ndinasainira ndine."

"Ndiye kuti mukudziwa zonse."

Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya mpango. "Chimene ndikudziwa n'chakuti eni mahotela akufuna dzina la munthu, osati la makina. Ndikudziwanso kuti pakampani pano amene angayendetse kontolola ndi mmodzi yekha. Inu mwatsala ndi zaka ziwiri kuti mupume. Palibe akukuchotsani. Mukhoza kupuma msanga mwaulemu, kapena kukayang'anira nyumba yosungira zipangizo ku Ben Arous."

"Munamutuma ndinu?"

"Ndinamuuza kuti apeze malo. Sindinamufunse kuti awapeza bwanji."

Ndinatenga pepala langa. Ndili pachitseko ndinakumbukira chinthu china.

"Nanga zija munanena, zoti gulu latsopano nditsogolera ine?"

Anandiyang'ana modabwa, kudabwa kwenikweni, kosachita kupangira.

"Anakuuzani zimenezo ndani? Udindo umenewo unali wa Wissem kuyambira asanapite ku Paris."

Zitatu zinachitika tsiku limenelo, koma imene inandipyoza ndi imeneyi. Za mlatho zija ndikanatha kuzimvetsa, munthu wamantha amachita zopusa. Koma bodza la kwa Hamadi linanenedwa kulibe katapila, kulibe kasitomala, kulibe choopa chilichonse. Analikonza ali phee, akunyemera buledi.

Ndinamudikira Wissem poimika magalimoto. Anatuluka cha m'ma 4 koloko, ndipo atandiona nditatsamira galimoto yake anaima kaye, ngati akufuna kubwerera. Kenako anabwera.

"Am Ridha..."

"Usanditchule choncho. Lero wandipatsa kale dzina lina."

"Ndimati ndidzalibwezeretsa gululo. Ndikunena zoona. Ndimadikira kuti ya ku El Hamma ikuzidwe, ndiye ndilibwezere mwakachetechete. Mlatho umene uja wakhala zaka zingati osakhudzidwa? Ndikanadziwa bwanji kuti akuza msewu chaka chomwechino?"

"Sindikufunsa za mlatho."

"Ndili ndi ana awiri aang'ono. Akanandichotsa, ndani akanandilembanso ntchito mu Tunis muno? Inu simutaya kanthu, mupuma basi. Madame analonjeza kuti sakuchitani choipa."

"Sindikufunsanso za msonkhano. Ndikufunsa za kwa Hamadi. Unalumbira pa bambo ako."

Anawerama, akuseweretsa makiyi. Ataweramuka, m'maso mwake munali mkwiyo, ndipo zinandidabwitsa kuposa china chilichonse.

"Ndikanapanda kutero mukanapereka makope aja? Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuwaona m'thumba mwanu. Aliyense akafuna kudziwa kanthu, dikirani Si Ridha. Si Ridha apita kokapemphera, dikirani. Si Ridha ali ku azitona, dikirani. Ine ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu, koma muofesi muja ndikadali kamnyamata kamene munakatola ku Sfax."

"Ndikanapereka," ndinatero. "Ukanangopempha."

"Mukutero lero."

"Ndikanapereka, Wissem. Ndinkawasungira ndani?"

Ndinachoka pagalimoto yake kuti atsegule chitseko. Analowa, anakhala kanthawi atagwira chiwongolero osaliza injini. Ine ndinapita kukakwera yanga.

Najet anamva nkhani yonse ataimirira kukhitchini, mpeni uli m'manja, tsabola atamuiwala pathabwa. Mkazi wanga sakonda kulira, amakonda kuchitapo kanthu.

"Ndipatseni foni ndiwaimbire mayi ake."

"Ayi."

"Anagona m'nyumba muno miyezi inayi! Malaya amene anavala tsiku loyamba ntchito ndinasita ndine! Ndipatseni foni, Ridha."

"Mayi aja ali ndi shuga ndi mtima. Ukufuna uwauze chiyani, kuti mwana wawo anagulitsa dzina la mwamuna wawo?"

Anabaya mpeni pathabwa n'kutuluka kupita pakhonde. Patapita masabata atatu mayiwo anaimba okha, mawu odzaza chimwemwe. Wissem anali atakwezedwa kukhala mkulu wa gulu la kontolola.

"Zonsezi ndi inu, Si Ridha," anatero. "Mulungu akudalitseni, akupatseni moyo wautali. Habib akanakhalapo akanakupsompsonani pamutu."

"Mwanayo ndi wolimbikira, Lella," ndinayankha. Najet anali pambali panga, akundiyang'ana ngati andimeze. Nditatsitsa foni sanandilankhule mpaka mawa lake.

Ndinasankha kupuma msanga. Makope anandiuza kuti ndi katundu wa kampani, ndiye ndinawasiya patebulo onse asanu ndi limodzi. Tsamba la gulu 14 lili m'kope lachitatu, lolembedwa ndi inki yabuluu, pamodzi ndi chithunzi cha mlatho chimene ndinajambula ndi dzanja. Aliyense wofuna akanatha kutsegula n'kuona. Sindikudziwa ngati alipo anatsegula. Anandikonzera kaphwando kotsanzikana, keke ndi zakumwa zozizira, ndipo Madame analankhula mawu okoma. Wissem tsiku limenelo anali ku Sousse pa ntchito. Mabrouk anandiuza pambuyo pake kuti gulu 14 lija linabwezeretsedwa patangopita sabata imodzi chidukireni nthambo, koma ndi nambala ina, ndipo mu lipoti analemba kuti ndi chinthu chatsopano chimene gulu la kontolola latulukira.

"Atulukira mlatho," anatero Mabrouk akutsokomola ndi kuseka. "Mawa atulukira nyanja."

Kukhala pakhomo kunandikanika. Mu Seputembala ndinayamba kuphunzitsa za netiweki pa kasukulu kena ka ntchito zamanja komweku ku Ariana, masiku atatu pa sabata. Marauta ake ndi akale, ena amachita kuwamenya kuti ayake, koma ophunzira amafunsa mafunso abwino.

Tsiku lina mu Okutobala, pa nthawi yopuma, foni yanga inalira ndili pakhonde la sukulu. Anali Wissem, dzina lake ndinali ndisanalifufute. Ndinaisiya ilire mpaka inaleka. Inaliranso. Kachitatu ndinayankha.

"Pepani kukusokonezani," anatero. Sanandipatse dzina lililonse. "Ku Kairouan akuyamba kukumba ngalande za madzi Lolemba, mbali ya kumpoto. M'kope lachisanu munalemba kuti nthambo ziwiri zimakumana pa sitolo ya matayala, koma simunalembe kuti iti. Tazungulira, masitolo a matayala alipo anayi."

Ndinamva mpweya wake pafoni. Ndikanatha kunena kuti ndaiwala, kuti makope anali ndi mipata. Mawuwo anafika mpaka pamilomo, ndipo anali okoma ngati uchi. Koma ku Kairouan kuli anthu amene sanandilakwire, odikira malipiro pa makina, odikira zotsatira za kuchipatala.

"Sitoloyo inatsekedwa kalekale," ndinatero. "Pano ndi malo otsukira magalimoto, moyang'anizana ndi sukulu ya pulayimale, ukangodutsa pamphambano ya ku Sbikha. Paipi ili kumanzere ukamachokera ku Tunis, mita imodzi ndi theka kuchokera pa phula. Ndi yosazama. Uwauze akumbe ndi manja."

"Zikomo. Ndimafunanso ndinene kuti..."

Ndinadula foni. Ndinaiika m'thumba. Ndinaima pakhondepo mpaka belu linalira.

Nditalowa m'kalasi, mtsikana wina wokhala kutsogolo, Ichrak, anandiyang'anitsitsa.

"Aphunzitsi, muli bwino? Mwalandira uthenga wa maliro?"

"Ayi, palibe wamwalira. Yatsani makina anu. Lero aliyense akonza matanelo awiri kuchokera pa rauta yoyamba kukafika pa yachinayi, ndipo ndikufuna mundionetse njira ya iliyonse ndi chala, osati kungondiuza kuti zabiriwira."

Anayamba kudandaula monga mwa masiku onse, mipando ikukhwekhwereza. Rauta ya pakona inakana kuyaka, ndipo ndinapita kukaimenya.